Khadi limodzi pa mkumano umodzi: kulemba manotsi oyendetsera Dungeons & Dragons

Tsiku langa loyamba kuyendetsa Dungeons & Dragons (D&D, masewera a patebulo amene mmodzi amafotokoza dziko lopeka, enawo aliyense n'kumayendetsa ngwazi yake, madaisi n'kumagamula zotsatira) ndinafika ndi masamba asanu ndi limodzi a kope, olembedwa mbali zonse. Ndinali nditalemba mawu amene mkulu wa achifwamba adzalankhule, yankho limene osewera adzapereke, mpaka mmene lupanga lake lidzanyezimire padzuwa. Osewera anga anayi atafika pafupi ndi msasa wa achifwambawo anayang'anana, mmodzi n'kunena kuti, "Tiyeni tingowazemba usiku." Anawazembadi. Masamba aja anatsala osawerengedwa, ine thukuta lili kamukamu, ndikutembenuza kope kusaka chonena.

Ndinali nditalemba nthano. Pa nthano, wofotokoza akati "padangotelo" enawo amayankha "tili tonse" n'kumamvera mpaka pothera. Patebulo la D&D omverawo ali ndi miyendo, malupanga ndi nzeru zawozawo, ndipo amalowera kumene akufuna. Choncho manotsi a woyendetsa masewera, amene ambiri timangomuti DM, ayenera kunena mmene zinthu zilili pamalopo. Zimene zidzachitike muzisiyire osewera ndi madaisi.

Mawu oti mkumano pano ndikutanthauza nthawi iliyonse imene ngwazi za osewera zakumana ndi chozitsekera njira, kaya ndi nkhondo, mlonda wapachipata wokana kutsegula, kapena mtsinje wodzadza. Masewerawa adawayambitsa Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America mu 1974, ndipo malamulo ake asinthidwa kangapo. Manambala onse m'munsimu ndi a mtundu wachisanu, wa mu 2014, ndipo amapezeka m'malamulo oyambira amene kampani ya Wizards of the Coast idaika ulere pa intaneti. Ngati mumasewera mtundu wina, manambala asiyana koma kalembedwe ka khadi n'kamodzimodzi.

1. Ndani alipo, akufuna chiyani

Tengani khadi kapena theka la pepala la A4. Mkumano uliwonse ukhale ndi lake, ndipo zonse zikwane mbali imodzi. Zikakana kukwana, dziwani kuti mwayambanso nthano ija.

Pamwamba penipeni lembani amene ali pamalopo, chimene akufuna, ndi chimene amaopa. Tiyeni tikhale ndi chitsanzo choti tiyende nacho mpaka kumapeto. Ngwazi zinayi za levulo 2 (msinkhu wa mphamvu za ngwazi, umene umayambira pa 1) zikufuna kuwoloka mtsinje madzulo. Pakhadi langa pali mawu awa: "Achifwamba anayi alanda doko ndi bwato, mwini bwato am'manga m'bango. Aliyense wowoloka akumulipiritsa ndalama zagolide 5. Ali ndi njala, safuna kufa."

Mawu otsirizawo ndi amene amasenza katundu yense. Mukadziwa kuti munthu ali ndi njala ndipo akuopa imfa, mwadziwiratu chimene angachite akapatsidwa thumba la ufa, akaopsezedwa, kapena akaona mnzake wagwa. Osewera akatulutsa nzeru imene simunailote n'komwe, simusowa tsamba loiyankha. Mumangodzifunsa kuti wachifwamba wanjala angatani pamenepa, yankho limabwera lokha. Koma mukangolemba kuti "achifwamba anayi, aukira", wosewera woyamba kufunsa kuti "bwanji tiwapatse chakudya?" akusiyani kukamwa yasa.

Pansi pake onjezani funso limodzi limene mkumanowo uyankhe. Langa ndi lakuti, "Kodi awoloka mdima usanagwe, ndipo ataya chiyani?" Funsoli likayankhidwa, mkumano watha, ngakhale wachifwamba wina akadali ndi HP 3 (nambala ya moyo womutsalira, ikafika pa 0 wagwa) kuseri kwa mtengo. Kanthu kakang'ono kameneka kandipulumutsa ku nkhondo zambiri zimene zinkapitirira anthu atayamba kale kuyang'ana mafoni awo.

2. Malo akhale ndi zogwira

Nkhondo ya pabwalo lopanda kanthu imasanduka kulandizana madaisi basi, uyu aponye, uyo aponye. Pakona ya khadi jambulani kamapu kachangu, osati kokongola. Bokosi limodzi ndi mapazi 5, pafupifupi mita imodzi ndi theka. Mtsinje wanga ndi wa mapazi 60 m'lifupi, ndiye mabokosi 12.

Kenako sankhani zinthu zitatu kapena zinayi zimene munthu angabisalemo, angakwerepo, angagweremo kapena angakankhirepo mnzake. Pambali pa chilichonse lembani lamulo lake lomwelo kuti musadzatsegule buku pakati pa nkhondo. Padoko langa pali matope a m'mphepete, pamene phazi lililonse limawerengedwa kawiri. Pali bwato wakale wobowoka, wogadabuzidwa pamchenga, ndipo wobisala kuseri kwake amaonjezera 2 ku AC yake (nambala imene womumenya ayenera kufikitsa pa daisi kuti amulase) chifukwa thupi labisika theka. Pali bango lalitali loti munthu angazimiriremo. Chachinayi ndi madziwo. Kusambira nakonso kumawerengedwa kawiri, ndiye ngwazi ya liwiro la mapazi 30 imasambira 15 pa raundi (nthawi imene aliyense amachitapo kanthu kamodzi). Kuti ifike tsidya ifunika maraundi anayi, kapena awiri ikamachita Dash (kusiya kumenya kuti iyende mtunda wowirikiza kawiri) nthawi zonse. Nambala imeneyi ndimailemberatu chifukwa patebulo lililonse pamakhala mmodzi wonena kuti "ine ndingosambira". Munthu ameneyo sakudziwa kuti m'madzimo muli ng'ona.

Tizidole ta pulasitiki sitifunika. Ife timagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo, nyemba ndi timiyala ta bawo. Chofunika n'chakuti mkati mwa chitsekerero mulembe nambala yofanana ndi ya pakhadi, 1 mpaka 4, kuti musasokoneze amene wavulala ndi amene ali bwinobwino.

3. Yezani kulemera kwa nkhondo

Apa ndi pamene ma DM atsopano ambiri amapha ngwazi za anzawo mosadziwa, choncho tichedwepo.

Malamulo a 2014 amapatsa ngwazi iliyonse malire anayi a XP (mapointi amene ngwazi zimalandira zikagonjetsa adani, omwenso amayezera kulemera kwa mdani) malinga ndi levulo yake: nkhondo yopepuka, yapakati, yovuta ndi yakupha. Pa levulo 1 malirewo ndi 25, 50, 75 ndi 100. Pa levulo 2 ndi 50, 100, 150 ndi 200. Mumaphatikiza a gulu lonse, ndiye ngwazi zathu zinayi za levulo 2 zili ndi 200, 400, 600 ndi 800.

Tsopano adani. Wachifwamba mmodzi ndi XP 25, anayi ndi 100. Ng'ona ndi 100. Zonse pamodzi 200. Musaimire pomwepo, chifukwa kuchuluka kwa adani pakokha kumalemeretsa nkhondo. Adani asanu amamenya kasanu pa raundi pamene chilombo chimodzi chimamenya kamodzi kapena kawiri. N'chifukwa chake pali kuchulukitsa: mdani mmodzi mumasiya momwemo, awiri mumachulukitsa ndi 1.5, atatu mpaka asanu ndi mmodzi ndi 2, kuyambira 7 mpaka 10 ndi 2.5. Athuwa ndi asanu, ndiye 200 kuchulukitsa ndi 2 ikupereka 400. Nkhondo yapakati. Komanso ng'ona siili mbali ya achifwamba, iluma aliyense wogwera m'madzi, choncho mwina ipepukirapo. Pakhadi ndimangolemba "400, yapakati" basi.

Onani mmene masamu omwewa amaululira msampha. Magoblin amaoneka ngati tizilombo tosekeka, HP 7 yokha aliyense. Koma goblin mmodzi ndi XP 50. Anayi ndi 200, kuchulukitsa ndi 2 ndi 400, ndipo 400 ndi malire akupha a ngwazi zinayi za levulo 1. Ndinaziona ndi maso anga ndisanaphunzire kuwerengera. Wamatsenga wathu anali ndi HP 8. Muvi wa goblin umachotsa pafupifupi 5. Mivi iwiri inatuluka m'tchire, mwana wa eni ake n'kugwa asanalankhule ndi liwu limodzi lamatsenga, atatha sabata yathunthu akukonza mbiri ya ngwazi yakeyo. Anaseka nawo, koma ndinaona kuti zamuwawa.

Malamulo okonzedwanso a mu 2024 adachotsa kuchulukitsaku, ndiye ngati ndi amene muli nawo tsatirani tebulo la mmenemo. Mulimonsemo masamuwa ndi muyeso wongokuthandizani. Sadziwa kuti gulu lanu latopa ndi nkhondo ziwiri zam'mawa, kapena kuti wansembe wamaliza matsenga ake ochiritsa. Zimenezo mukuzidziwa ndinu. Ine pansi pa nambalayo ndimalemba njira imodzi yopepukitsira ndi imodzi yolemeretsera: "atopa? chotsa wachifwamba mmodzi", "zawaphwekera? ena awiri abwera ndi bwato pa raundi 3".

4. Koperani manambala ogwira ntchito okha

M'buku chilombo chilichonse chili ndi mizere yambiri, koma patebulo mumagwiritsa ntchito isanu kapena isanu ndi umodzi. Koperani imeneyo. Pakhadi langa zimaoneka chonchi:

Wachifwamba x4: AC 12, HP 11, liwiro 30, lupanga +3 (choonjezera pa daisi pomenya) chotsa HP 4, crossbow (mtundu wa uta) +3 chotsa 5 mpaka mapazi 80, passive Perception (nambala ya mmene amazindikirira zinthu osachita kufufuza) 10.

Ng'ona: AC 12, HP 19, liwiro 20 pamtunda, 30 m'madzi, kuluma +4 chotsa 7. Ikaluma yagwira, kudzipulumutsa DC 12 (nambala yoti daisi ndi zoonjezera zifikepo kuti chinthu chitheke). Ikagwira mmodzi singalume wina. Pansi pa madzi imatha mphindi 15.

Mwaona kuti ndalemba 4, 5 ndi 7 m'malo mwa 1d6+1 (daisi limodzi la mbali 6, kuonjezera 1), 1d8+1 ndi 1d10+2. Bukulo limapereka nambala yapakati pa chilombo chilichonse, ndipo kuigwiritsa ntchito kumafulumizitsa zinthu kwambiri. Ena amati kuponya daisi ndiye kukoma kwake. Sindikutsutsa, koma ine ndimaponyera mdani wamkulu yekha, awa ang'onoang'ono ayi.

Pansi pa mzere wa achifwamba lembani 11 kanayi, motalikirana, kuti muzidula ndi pensulo. Initiative ya adani, kuponya daisi koonera amene ayambe kumenya ndi amene atsatire, iponyereni kunyumba. Adani ofanana malamulo amalola kuwaponyera kamodzi onse, ndiye d20 (daisi la mbali 20) kuonjezera 1 kwa achifwamba, d20 yokha kwa ng'ona, n'kulemba zotuluka. Mukatero, nkhondo ikayamba mumangofunsa osewera manambala awo n'kuwalowetsa pamzere.

Khalaninso ndi khadi lina limodzi losasintha, la gulu lanu, lokhala ndi AC ndi passive Perception ya ngwazi iliyonse. Mukafunsa wosewera kuti "passive Perception yako ndi zingati?" mwamuuza kale kuti m'bangomo muli kanthu.

Kunena za pepala, ndikudziwa kuti ambiri amalemba pafoni. Ine ndidasiya. Foni yomweyo ndi imene ndimaponyera madaisi, yomweyo ilandire mauthenga, ndipo magetsi akathima imasandukanso tochi. Khadi limawerengeka ngakhale pa kandulo.

5. Ayamba bwanji, athawa liti

Mizere itatu ikwana. Woyamba unene chochita chawo choyamba: "Awiri aima poyera kuitanitsa ndalama, awiri ali m'bango ndi ma crossbow." Wachiwiri unene chochita zinthu zikavuta: "Mkulu wawo athamangira bwato n'kukankhira pamadzi." Wachitatu, umene ambiri amaiwala, unene pamene mtima wawo uthere: "Awiri akagwa, kapena mkulu akagwa, otsala ataya zida kapena athawa."

Anthu anjala ofuna ndalama zagolide 5 samenya nkhondo mpaka kufa onse. Ngakhale ng'ona ili ndi cholinga chake. Ikufuna nyama imodzi, iikokere pakuya. Ikavulazidwa kupitirira theka imasiya n'kumira. Zimenezi mukalemberatu, nkhondo imatha mu maraundi atatu kapena anayi, isanayambe kutopetsa. Raundi imodzi ndi masekondi 6 okha m'dziko la masewera, koma patebulo la anthu asanu maraundi anayi amadya theka la ola mosavuta. Komanso wachifwamba wogwidwa wamoyo amalankhula, ndipo wothawa akhoza kudzabweranso.

6. Njira zosadzera m'lupanga

Simungalote zonse zimene osewera adzayese, ndiye musayese n'komwe. Lembani zitatu zimene zikuonekeratu, ndi DC ya iliyonse. Kumbukirani makwerero ake: 10 n'chophweka, 15 n'chapakati, 20 n'chovuta. Padoko paja, kunenerera mtengo ndi DC 10 ngati apereka chakudya, 15 ngati akungolankhula pakamwa. Kuwaopseza ndi 15. Kuzembera m'bango kukamasula mwini bwato, Stealth ya ngwazi, luso lake lozemba, ikulimbana ndi passive Perception 10 ya achifwamba, koma poti ndi kachisisira ndipo maso saona bwino, nambalayo imatsika ndi 5 pa zoona ndi maso.

Pambali pa DC iliyonse lembani mtengo wa kulephera. "Palibe chachitika" si yankho, limangoimitsa masewera. Akalephera kunenerera, mtengo ukwere kufika 10. Akalephera kuzemba, wachifwamba aike mpeni pakhosi pa mwini bwato. Pamenepo osewera ali ndi vuto latsopano loti alimbane nalo.

7. Mawu otsegulira

Ziganizo zitatu, zosapitirira. Chimodzi cha maso, china cha makutu kapena mphuno, chotsiriza cha chimene chikufuna yankho pompano. Zanga ndi izi: "Dzuwa lafiira, mtsinje ukuyenda mwakachetechete, wamatope. Pakumveka fungo la nsomba zowotcha, ndipo penapake m'bango wina akubuula. Amuna awiri a malupanga adzuka pamoto, wamtaliyo watambasula dzanja ngati wofuna kulandira kanthu."

Kubuula kuja ndi mwini bwato. Sindinanene, koma ndakuika poti wakhutu amve. Mukamaliza kuwerenga funsani kuti "mukutani?" n'kutseka pakamwa. Ndime yaitali yowerenga papepala imagoneka anthu, ndipo chimene amagwira ndi chiganizo chotsiriza chokha, choncho choopsa chikhale kumapeto.

8. Chotsala m'manja mkumano ukatha

Mzere wapansi ndi wa mphoto. XP yogawana ndi 200 ija, osati 400, chifukwa kuchulukitsa kunali koyezera chabe. Aliyense alandira 50. Ine ndimapereka yomweyo ngakhale awoloke popanda kusolola lupanga, apo ayi mukuwaphunzitsa kuti kupha kokha ndiye kumalipira. Lembaninso zam'matumba mwa achifwamba, zochepa ndithu, poti ndi anthu anjala: ndalama zasiliva zingapo, nsomba zouma, mpeni wobuntha.

Chofunika kuposa ndalama ndi uthenga wopititsa nkhani patsogolo. Tinene kuti osewera ayenera kudziwa kuti achifwambawa ndi alimi othamangitsidwa m'mudzi wa kumtunda ndi chinthu china choopsa. Uthenga umenewo musauike mkamwa mwa munthu mmodzi, chifukwa munthu ameneyo ndi amene alasidwe muvi woyamba. Uikeni malo atatu. Wogwidwa aliyense angaulule, mwini bwato anawamva akukambirana usiku, ndipo m'katundu wawo muli makasu ndi zidole za ana, zinthu zimene wachifwamba weniweni sayenda nazo. Pakhadi ndi mzere umodzi: "Athawa kumtunda: wogwidwa, mwini bwato, makasu."

Kuseri kwa khadi lembani mayina asanu kapena asanu ndi limodzi osapatsidwa mwini. Osewera adzafunsa dzina la mwini bwato, la mkazi wake, ngakhale la wachifwamba amene amugwira, ndipo dzina lopeka mwadzidzidzi limamveka kuti ndi lopeka. Mukagwiritsa ntchito limodzi, lembani pambali pake kuti lapita kwa ndani.

9. Makadi angati, ndipo muwatani mukatha

Pa masewera a maola atatu kapena anayi ndimakonza makadi anayi kapena asanu, ndipo kawirikawiri atatu okha ndi amene amagwira ntchito. Mukazolowera, limodzi limatenga mphindi 15 kapena 20. Musawalembe manambala otsatizana ngati kuti loyamba liyenera kutsogolera lachiwiri. Ayaleni patsogolo panu kuseri kwa chotchinga chobisira osewera manotsi anu, mutenge limene osewera alowera.

Osagwiritsidwa ntchito musataye. Ine ndimawasunga mu envelopu. Gulu likazemba doko n'kukawolokera kwina, achifwamba aja mwezi wamawa adzakhala pa mlatho kapena pampata wa phiri. Mungosintha kamapu n'kuchotsa ng'ona, zina zonse zili kale m'malo.

Musanapite kosewera, yesani khadi lililonse motere: liikeni patebulo, imirirani, muliyang'ane masekondi asanu. Kodi mwapeza AC ya ng'ona? Mwapeza pamene achifwamba athawire? Ngati diso likusochera, dulani mzere pansi pa manambala ndipo mufufute mawu ongokometsera.

Masewera akatha, anthu asanabalalike n'komwe, tengani pensulo mulembe pakhadi lomwelo zimene zachitikadi. Mawa mudzakhala mutaiwala theka. Pakhadi langa la padoko, pakona yakumanja, pali mawu awa olembedwa mothamanga: "Mkulu wathawa ndi bwato, bala paphewa. Mwini bwato ali moyo, walonjeza kuwawolotsa ulere akapeza bwato wina. Ng'ona yapita ndi chishango cha wankhondo." Patapita milungu itatu, wankhondoyo anali akufunsabe asodzi a m'mbali mwa mtsinjewo ngati anaona chishango chake.